Zikomo anthu anga a ku Mufakose, kuno ku Harare

Nditathyoka mwendo June uja ntchito yanga ya ukalipentala inaimiratu, ndimangokhala pakhonde maganizo ali thoo. Achimwene oyandikana nafe, aja safuna kutchulidwa dzina, anabwera ndi laputopu yawo yakale yong'aluka pakona nkuti "zigwiritsani ntchito mpaka muchire", kenako amayi ena akutchalitchi anandipatsa pasiwedi ya wifi yawo, magetsi akazima mwana wawo amabwera kudzatenga laputopuyo kukaitchaja pa sola osafuna ndi senti yomwe.

Ndi mmene ndinapezera makosi aulere a OpenLearn, a The Open University ya ku Britain, ena ndi a maola ochepa chabe. Ine ndimayesa jogalafe ndi mapu basi, koma ayi ndithu, ikupezeka mu zachuma, mbiri, zachilengedwe, ngakhale zaumoyo. Zamadzi ndiye zinandigwira mtima, mpaka ndinayamba kufufuza zakwathu kuno, kuti dambo ngati la Monavale limasunga nkusefa madzi asanalowe mu mtsinje wa Marimba kukathira mu Lake Chivero, madzi omwe timamwa mu Harare muno.

Pano madzulo timakhala pamphasa ndi mwana wanga wa Form 3 kujambula mitsinje pa katoni, akafunsa ndimamuyankha osachita manyazi. Zikomo achimwene, zikomo amayi, Mulungu akudalitseni.