Ulendo wa ku Monkey Bay wothera pansi pa mtengo wa mango

Kagalimoto kanga, ine ndi mwini wachitatu chichokereni ku Japan, ndipo amakaniko a ku Ndirande amandidziwa ndi dzina. Komabe Okutobala wapitayu ndinauza mayi a kunyumba kuti tiyeni tikaone nyanja ku Monkey Bay. Makaniko wanga anali atalumbira: "Bwana, iyi ngakhale ku Karonga ifika."

Mpaka ku Liwonde kunalibe vuto. Pa Ulongwe, nditachepetsa liwiro chifukwa cha anthu ndi njinga, muvi wa temperecha unayamba kukwera. Ndikathamanga unkatsika, ndikafika pamsika unkakweranso. Tinaima katatu kuthira madzi a m'chigubu, dzuwa lili pamutu. Polowa m'tauni ya Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ija inamangidwa mu 1903, boneti inali ikufuka nthunzi ngati poto wa mbatata.

Wakabaza wina anatilondolera kwa makaniko wa pansi pa mtengo wa mango. Bamboyo sanafunse chilichonse. Anachotsa thermostat, n'kundiika m'manja ikadali yotentha. "Izi n'za kumayiko ozizira, achimwene. Kuno sizigwira." Kachitsulo kameneka ntchito yake n'kutsekereza madzi mpaka injini itafunda, kenako n'kuwatsegulira njira ya ku rediyeta. Kanalibe mlandu, koma munthu ukakhala mlendo, galimoto itakufera, umangovomera. Ndinalipira. Tisanafike ngakhale pamphambano ya msewu wa ku Monkey Bay, inawiranso.

Titabwerera, nkhani inasintha: tsopano ndi water pump. M'mashopu a sipeya m'tauni munalibe. Tinaimbira munthu ku Limbe kuti aitumize pa minibasi, ife n'kukagona ku resitihausi, kumene udzudzu unatilandira bwino kuposa eni malo. Pampu inafika mawa lake masana, mabowo a mabawuti osagwirizana ndi a injini. Makaniko anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti akhoza kuboola ena. Apa mayi a kunyumba, amene anali chete chiyambire dzulo, anangoti, "Bambo, musaboole."

Anatipulumutsa ndi mnyamata wonyamula masipanala, wa zaka mwina 16, amene nthawi yonseyi ankangotumidwa madzi. Analiza injini, n'kugwada kutsogolo, kudikira. Muvi unakwera, fani osazungulira. Anatsegula kabokosi ka mafyuzi, n'kuzula relay (kaswichi ka magetsi) ya hutala, kuilowetsa pamalo pa ya fani. Nthawi yomweyo fani ija phuu! N'chifukwa chake pamsewu wautali zinkaoneka bwino: mphepo yokha inkaziziritsa rediyeta. Abwana ake anakanda mutu, n'kulankhula china m'Chiyao chimene chinaseketsa onse kupatula ine. Ndalama ya pampu sinabwerere, ndipo pampuyo ili m'buti mpaka lero.

Ya hotela inali itathera kwa amakaniko, choncho nyanja tinaisiya. Tinadya chambo chowotcha ndi nsima, n'kuyenda wapansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kuona asodzi akupalasa mabwato mu Shire. Pobwerera galimoto sinatenthe ngakhale pang'ono, koma inalibe hutala. Pa Ulongwe, mbuzi ndi akabaza atadzaza msewu, mayi a kunyumba ndiwo anatulutsa mutu pawindo n'kumakuwa kuti, "Tidutse nawo!"