Tsiku limene ndinathamangitsana ndi dzuwa pa msewu wa R62

Ntchito yanga kuno ku Cape Town ndi yoyendetsa alendo. Ambiri amakhala ofuna kukalawa vinyo ku Stellenbosch kapena kukajambulitsa ku Cape Point, ndipo misewu imeneyo ndimaidziwa ngati njira ya ku chitsime kwathu ku Thyolo. Koma m'mwezi wa June wapitawu ndinapeza ulendo wamtundu wina.

Anandiimbira foni mayi wina kuti ndikaperekeze azakhali ake ku Oudtshoorn. Azakhaliwo ndi wolemba mabuku, Myuda, ndipo sukulu ina ya sekondale kumeneko inawaitana kuti akalankhule ndi ana Lachisanu 11 koloko m'mawa. Ayuda ochepa amene atsala m'tauniyo atamva, nawonso anapempha kuti adzawalankhule Lamlungu ku sunagoge. Ndinatchula mtengo wa masiku anayi, mafuta ndi malo ogona zawo, ndipo sananenerere n'komwe. Chimene anabwereza katatu n'chimodzi: zivute zitani, azakhali afike dzuwa lisanalowe Lachisanu. Ine ndinaseka. Makilomita 420, kunyamuka 5 koloko m'mamawa, dzuwa lingatipeze pati?

Azakhaliwo anali mayi achikulire, a zaka za m'ma 70, aafupi, olankhula mofulumira. Katundu wawo anali makatoni awiri a mabuku, kachikwama ka zovala, ndi chikwama chachikulu cha zakudya. Pa Huguenot Tunnel ndinalipira pafupifupi R50. Ku Worcester ndinagula khofi ndi payi ya nyama, iwo anatulutsa buledi wawo ndi dzira lowiritsa. Ndinawapatsa payi, anakana mwaulemu. Nyama imene amadya iyenera kuphedwa mwa lamulo lawo, ndipo siphikidwa kapena kudyedwa pamodzi ndi mkaka. Ndiye ngati mukuitana munthu wotere kusukulu kwanu, musavutike ndi kumukonzera masangweji a nyama ndi tchizi. Zipatso ndi madzi a m'botolo zimakwana, kapena ingomufunsani.

Robertson, Montagu, Barrydale, zonsezo zinadutsa bwinobwino.

Titatsala pang'ono kufika ku Ladismith, cha m'ma 9:30, kamuvi ka kutentha kwa injini kanakwera mpaka pofiira. Ndisanaime bwino, nthunzi inali itayamba kale kutuluka m'mbali mwa boneti. Amene anafikapo ku Klein Karoo akudziwa mmene kulili: tchire lalifupi, miyala, mapiri a Swartberg uko, ndi kamphepo kolowa mpaka m'mafupa. Netiweki kadontho kamodzi, nako kongobwera n'kupita. Galimotoyo ndinali nditaichotsa ku sevisi sabata yomweyo, ndipo galaji imene inandidyera ndalamayo sindiitchula, koma ikudzidziwa.

Patapita theka la ola anaima mlimi wina wa bakkie (galimoto ya pikapu), galu kumbuyo. Sanafunse zambiri. Anamanga chingwe n'kutikoka mpaka pa kagalaji kena m'tauni, ndipo nditatulutsa R200 anangogwedeza dzanja n'kumapita. Makaniko anasuzumira, anagwedeza chinachake, n'kunena kuti pampu ya madzi yatha. Ina? Palibe, mpaka ichokere ku George. Ifika liti? "Now now." Aliyense amene wakhalako ku South Africa akudziwa kuti mawu amenewa angatanthauze mphindi khumi, angatanthauzenso mawa.

Ndinapita kuseri kwa galimoto n'kuyamba kudandaula ndekha m'Chichewa, mawu ena osayenera kulembedwa pano. Ndinangomva kuchokera pansi pa thirakitala: "Achimwene, ndinu a kuti?" Anatuluka mnyamata wa ovolosi yothimbirira, wa ku Mangochi, wothandiza makanikoyo. Titapatsana moni ndinamufotokozera nkhani ya dzuwa ija, ndikuyembekeza kuti aseka ngati mmene ndinasekera ine. Sanaseke. Anati, "Ife Lachisanu lathu ndi masana, amayiwa lawo ndi madzulo. Ndamva." Iye ndi Msilamu. Anayamba kumasuliratu pampu yakaleyo ina isanafike, anapala malo ake mpaka kuwala, anakonzeratu madzi ndi mankhwala a mu ledieta. Nthawi ya Jumu'ah, mapemphero awo a Lachisanu masana, anasamba m'manja, anakapemphera kuseri kwa galaji, n'kubwerera osadya kanthu.

Pakati apo amayi aja anaimbira kusukulu. Mawu a mphunzitsi ndinkawamva ndili patali: ana akhala kale mu holo, mipando yayalidwa, ahedi avala tayi. Anagwirizana zoti zichitike Lolemba. Apa ndidandauleko. Munthu mukudziwa kuti amasunga Sabata, imene imayamba dzuwa likalowa Lachisanu, akuchokera mtunda wa maola asanu, inu n'kumuika Lachisanu m'nyengo yozizira pamene dzuwa limalowa cha m'ma 5:30? Masukulu ambiri amaitana wolemba mabuku ngati akuitana wogulitsa mafiriziksi pa geti. Amaganiza za tsiku limene holo ili yopanda ntchito, za mlendoyo ayi. Ikani Lachiwiri kapena Lachitatu, mubweretseni dzulo lake, agone. Ndipo gwirizanani msanga za ndalama ya mayendedwe, chifukwa ndinamva kuti theka la mtengo wanga linatuluka m'thumba mwa amayiwo.

Iwo sanaoneke okhumudwa. Anakhala pa tayala lakale atafunda bulangete langa, n'kuyamba kundiuza za buku lawo. Ndi nkhani ya agogo awo aamuna amene anachoka ku Lithuania ali mnyamata, monga anachitira makolo a Ayuda ambiri a ku South Africa, n'kufika ku Karoo osadziwa Chingerezi kapena Chiafrikaans. Anayamba ngati smous, kutanthauza wamalonda woyenda famu ndi famu atasenza singano, nsalu ndi mabatani. Kenako analowa malonda a nthenga za nthiwatiwa. Nthawi imeneyo akazi olemera a ku London, Paris ndi New York ankakongoletsa zipewa ndi nthengazi, ndipo pa katundu amene South Africa inkagulitsa kunja, nthenga zinkabwera pambuyo pa golide, dayamondi ndi ubweya wa nkhosa basi. Ayuda anachuluka ku Oudtshoorn mpaka tauniyo ankaitcha Yerusalemu wamng'ono, ndipo kunali masunagoge awiri. Mu 1914 msika unagwa. Nkhondo inayamba, mafashoni anasintha, ndipo chipewa cha nthenga zazitali sichinkakhala pamutu m'magalimoto opanda denga a masiku amenewo. Agogowo anatsala ndi mabokosi a nthenga osagulika.

Ndinawauza kuti nkhani imeneyi kwathu timaidziwa, kungoti dzina lake ndi fodya. Anatulutsa kabuku n'kulemba.

Pampu inafika 3 koloko itadutsa. Mnyamata uja ndi bwana wake anagwira ngati ali ndi manja anayi aliyense, ndipo 4:10 injini inalira. Zonse pamodzi ndinalipira R2,600, mtima ukuwawa. Mnyamatayo ndinamupanikiza R150 m'thumba la ovolosi chifukwa m'manja ankakana. Anangoti, "Thamangani, achimwene, koma pa phiri paja musapupulume."

Kuchoka ku Ladismith kufika ku Oudtshoorn ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo pakati pali Huisrivier Pass, msewu wokhotakhota wa m'mapiri. Ndendende pamenepo tinapeza lole ya miyala ikukwawa. Dzuwa linali kumbuyo kwathu, ndipo ndinkaliona pa galasi likutsika, lofiira ngati khala la moto. Amayiwo sanandifulumize ngakhale kamodzi. Anangogwira kapepala kamene analembapo nthawi, akuyang'ana wotchi. Makandulo a Sabata amayatsidwa mphindi 18 dzuwa lisanalowe, ndipo nthawi imeneyo inatipitirira titadutsa kale Calitzdorp, nthiwatiwa zikutiyang'ana m'mipanda ndi makosi awo aatali.

Nyumba zoyamba za Oudtshoorn zitaoneka, anandigwira paphewa. "Imani apa, bambo."

Ndinati kwatsala makilomita atatu okha, mphindi zisanu. Anati mphindi zisanuzo alibe. Ndinaimika pa filing'i siteshoni ina. Anazimitsa foni, anaiika m'chikwama pamodzi ndi ndalama ndi makiyi, chikwamacho anachisiya pansi pa mpando, n'kutsika manja ali m'matumba opanda kanthu. Pa Sabata sakwera galimoto, sagwira ndalama, sanyamula katundu panjira. Anati ine ndikhoza kutsogola ndi galimoto, lamuloli si langa. Koma ndani angasiye munthu wa msinkhu wa amayi ake akuyenda yekha mumdima m'tauni yachilendo? Ndinapatsa mlonda R50, ndinakiya, n'kuwatsatira.

Ulendo wapansi umenewo ndi umene ndikuukumbukira kuposa makilomita onse aja. Kunkazizira, agalu akuuwa m'mipanda, iwo akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, akung'ung'udza kanyimbo ka Chiheberi. Zinandikumbutsa agogo anga aakazi ku Makwasa, a Adventist a ku Malamulo, amene Lachisanu ankaphikiratu nsima ndi nyemba za mawa, ndipo dzuwa likangogunda phiri khasu linkagona pomwe lili, ngakhale mzere utatsala theka. Tili ana tinkati ndi nkhanza. Ndinawafotokozera amayiwo, ndipo anandifunsa mafunso ambiri za agogowo kuposa amene ndinatha kuyankha.

Kunyumba kumene ankayembekezeredwa tinapeza makandulo akuyaka kale ndipo anthu ali pakhonde ndi nkhawa, poti foni sakanatha kuimba. Sanandilole kubwerera. Anandiveka kachipewa kakang'ono pamutu, kippah, kamene kanagwa kawiri. Atadalitsa vinyo, aliyense anasamba m'manja n'kukhala chete mpaka buledi wolukidwa uja, challah, atadalitsidwa ndi kugawidwa. Ine osadziwa ndinayamba kuyamikira fungo la supu, onse n'kumangomwetulira milomo ili yotseka. Pambuyo pake ndinafunsa ngati nyama ya m'mbale inali ya nthiwatiwa, poti m'tauni muno ili paliponse. Anaseka mpaka misozi. Nthiwatiwa ili m'gulu la mbalame zoletsedwa mu Levitiko 11. Makolo awo analemera ndi kusauka ndi nthenga zake, koma nyama yake sanailawepo.

Galimoto ndinakaitenga usiku womwewo. Loweruka ndinalibe ntchito, ndiye ndinalowa mu CP Nel Museum, mmene anasungamo zinthu za mkati mwa mmodzi wa masunagoge awiri aja. Ku mapanga a Cango Caves sindinapite, ndalama inali itatsala ku Ladismith.

Lamlungu ku sunagoge amene amamutcha wa Queen Street ndinawerenga anthu 14, ambiri a imvi. Ndinamva kuti kupeza amuna khumi ofunika pa mapemphero awo n'kovuta masiku ano, ana anapita ku Cape Town, Johannesburg, Israel ndi Australia. Amayiwo anangowerenga masamba awiri, zotsalazo analankhula ndi omverawo. Uyu akuti agogo ake anali ndi sitolo pafupi, uyo akutsutsa dzina la famu imene yatchulidwa m'bukumo, wina akulira mwakachetechete. Mabuku anagulidwa asanu ndi limodzi. Makatoni aja ndinawabweza m'galimoto akulemera chimodzimodzi.

Lolemba kusukulu ndinaima kumbuyo kwa holo. Ana ambiri anali asanaonepo Myuda, ngakhale amadutsa tsiku ndi tsiku pa nyumba zikuluzikulu zomangidwa ndi ndalama za nthenga. Poyamba kunali phokoso, mpaka amayiwo anatulutsa nthenga imodzi yakale yoyera m'bokosi n'kuipereka kuti iyende m'manja. Kenako mafunso: Kodi mumakhulupirira Yesu? Buku limodzi mumapeza ndalama zingati? Mtsikana wina anati bambo ake amathothola nthenga pa famu, nanga buku la anthu ngati iwo analemba ndani? Amayiwo anakhala chete kanthawi, n'kuyankha kuti m'buku lawo anthu amenewo ali ndi masamba atatu okha, ndipo n'zochepa. Belu linalira funso lina lili m'kamwa. Mphindi 40 basi, ulendo wonse uja. Mukaitana munthu, mupatseni mapiriyodi awiri, ndipo laibulale ya sukulu igule ngakhale mabuku atatu. Apa anachita kusiya awiri aulere.

Pobwerera tinaima ku Ladismith. Mnyamata wa ku Mangochi anali atapita kukakonza thirakitala ku famu, ndiye amayiwo anamusiyira buku kwa bwana wake, atalembamo mawu pa tsamba loyamba, ine ndinasiya paketi ya tiyi wa Chombe imene ndimayenda nayo. Pampu ija ikugwirabe ntchito. Chimene chayamba kulira tsopano ndi giyabokosi.