Sikelo ya amalume inandigwaditsa pamaso pa apongozi

Amalume atamwalira ku Kitwe, ine ndinafika mochedwa chifukwa basi inatifera pa Kapiri Mposhi. Ndinapeza abale atagawana kale njinga, wailesi ndi masuti. Chimene chinanditsalira ndi kabokosi kamatabwa kamene aliyense ankakalambalala. M'katimo munali sikelo yakale ya mbale ziwiri, mbale imodzi ili ndi kangowe kunsi kwake, ndi timiyala toyezera tokhala m'timaenje take ngati mazira.

Ntchito yake amalume anandionetsa ndili mwana. Aliyense amene anatungapo pachitsime amadziwa kuti chidebe chikakhala m'madzi umachikoka ndi chala, koma chikangotuluka msana umayamba kudandaula. Kupepuka kumeneko n'kofanana ndendende ndi kulemera kwa madzi amene chinthucho chawakankha kuti chipeze malo. Ndiye umayeza chinthu chili chouma, kenako umachimanga ndi ulusi pakangowe, n'kuchimiza m'tambula ya madzi osagunda pansi, n'kuyezanso. Kulemera koyamba ukakugawa ndi kusiyana kwa miyezo iwiriyo, nambala imene ituluke ndiye dzina la chitsulocho. Mkuwa umapereka pafupifupi 9, siliva 10.5, golide weniweni 19.3. Utoto unganamize maso, madzi ayi.

Tsiku la tsokalo linali Lamlungu, kunyumba kwathu ku Chilenje. Apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Mtenguleni, magetsi kunalibe, ndipo macheza anali atauma. Mkamwini wanzeru akanapita kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinatulutsa sikelo.

Ndinayamba ndi msomali: 7.8, chitsulo. Kenako chibangili chimene tinagula ku Kabwata: 8.9, mkuwa wabwinobwino. Mutu unakula. Ndinayamba kufotokoza za Archimedes, katswiri wa masamu wakalekale wa ku Syracuse, amene mfumu Hiero inamupempha kuti afufuze ngati mmisiri anasakaniza siliva m'chisoti chake chagolide. Nkhaniyo imati yankho linamubwerera akulowa m'bafa n'kuona madzi akusefukira. Mbali yoti anathamanga mumsewu ali chibadwire ndinaidumpha mwaulemu, koma Tamara, mwana wanga wa giredi 9, anaibwezeretsa mokweza. Ndinathawira kwa Galileo, wasayansi wa ku Italy, amene mu 1586, ali ndi zaka 22, ananena kuti kuyeza madzi osefukira sikungagwire wakuba wochenjera, n'kulemba za sikelo yoyezera zinthu m'madzi ngati yangayi.

Apongozi anamvetsera zonse, manja ali pachitenje. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Ndiye kachitsuloka kamazindikira golide wabodza?"

"Sikaphonya, amayi."

"Mwanawe, tavula mphete ija tione."

Apa ndiyenera kubwerera ku 2011. Mphete ya ukwati ndinaigula kwa mnyamata wina amene anaitulutsa m'thumba la jekete pakhonde la sitolo mu Cairo Road. Ndinapereka K40,000 ya ndalama zakale zija, maziro atatu asanachotsedwe mu 2013. Kwa ankhoswe ndinati K2 miliyoni. Ndipo ndinapempha kuti ng'ombe yomaliza ya malowolo idikire, popeza mphete yandidyera ndalama. Inali ikudikirabe.

Ndinati madzi a pampopi sali bwino lero. Tamara anabweretsa a m'botolo. Ndinati ulusi watha. Amake Tamara anasolola wina m'mphepete mwa chitenje chawo, n'kundipatsa limodzi ndi mpheteyo, nkhope ili phee ngati ya munthu ali mu tchalitchi. Ndinati kathovu ka mpweya kakamatirira pamphete kamasokoneza muyezo, zimene ndi zoona, ndipo ndinathera nthawi yaitali ndikufunafuna kathovu komwe kunalibe.

Pouma, magalamu 6.2. M'madzi, 5.8. Tamara anatenga foni kuti agawe. Masamu amenewa tsiku lina ndikanawachita pamtima, koma m'mutu munali mutadzaza nkhope ya mnyamata wa jekete uja. Ndinkadziwa kuti ituluka 8 ndi kanthu. Ndinaona kuti kuli bwino kudziulula ndekha kusiyana ndi kuululidwa ndi mwana.

Ndinatsika pampando n'kugwada. Ndinanena zonse: jekete, K40,000, ngakhale zoti mnyamatayo anayambira pa K60,000 ine n'kumutsitsa. Chifukwa chimene ndinawonjezera zimenezi sindichidziwa mpaka lero, mwina ndinkafuna andiyamikire kuti ndimadziwa kunenerera.

"Adadi," anatero Tamara, "yatuluka 15.5."

M'nyumba munangoti zii. Nambala imeneyo ndi ya golide wa makarati 18, amene magawo atatu mwa anayi ndi golide weniweni. Ndinalanda foni n'kugawa ndekha, ndili chigwadire. 15.5. Kwa kamphindi ndinaganiza zokafunafuna mnyamata wa jekete kuti ndimupepese.

Amake Tamara anapukuta mphete yawo n'kuivala modekha. "Abambo a Tamara, yanu ija inandisiyira chala chobiriwira mwezi usanathe. Ndinaiponya m'chimbudzi ku Kalingalinga komwe tinkachita lendi. Iyi ndinagula ndekha nditalandira chilimba."

"Ndiye bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira mundiuze ndinu."

Ndinayesa kudzuka, koma apongozi anakweza dzanja, ndipo maondo anabwerera okha pasimenti. Anakoka tambula ya madzi ija, n'kumwako pang'ono, kenako analoza sikelo ndi chibwano.

"Tamara, tawafunsa atate ako. Kachitsulo kawoka kamayezanso ng'ombe, kapena tikayezera kwathu ku Mtenguleni?"