Loweruka la mpeni wakuda ku Boscastle

Lero sindinali pa shifiti. Maganizo anga anali ogona mpaka dzuwa litakwera, kuchapa, kenako kuphika nsima yanga mosathamanga. Koma nthawi isanakwane 8 koloko foni inalira, mayi amene ndimagwira nawo ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Plymouth anali atafika kale panja ndi galimoto. Ndinali nditaiwaliratu kuti ndinawalonjeza kuwaperekeza. Mayiwa ndi mzungu wa zaka za m'ma 50, ndipo sabisa kuti chipembedzo chawo ndi Wicca, chimene otsatira ake amadzitcha mfiti. Tsiku limene anandiuza mosaphethira kuti iwo ndi mfiti, ndinatha sabata yonse ndikukana tiyi wawo. Lero ndiye uyu ndakwera galimoto yawo, kupita kukaona nyumba yosungiramo zinthu za ufiti. Amayi anga akadzamva, kaya.

Boscastle ndi kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja ku Cornwall, kopanikizika pakati pa mapiri, ndipo Museum of Witchcraft and Magic ili pafupi ndi doko penipeni. Anaitsegula pamenepa mu 1960 ndi Cecil Williamson, amene ali mnyamata anakalimako fodya ku Rhodesia. Izi zinandiseketsa, ndinati kani mkuluyu fungo la chigafa ankalidziwa. Poyamba zinthu zake anaziika pa chilumba cha Isle of Man mu 1951, chaka chomwe Britain inachotsa lamulo lake lakale la ufiti, ndipo kumeneko ankagwira ntchito limodzi ndi Gerald Gardner, amene anafalitsa Wicca. Kwathu lamulo la ufiti limene atsamunda omwewa anatisiyira mu 1911 ndi lomwe takhala tikukanganirana mpaka ukalamba. Mu Ogasiti 2004 madzi osefukira anakokolola magalimoto m'mudzimu ndi kulowa m'nyumbayi, koma zinthu zambiri zinapulumuka. Mnzangayo ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso ngati akufuna ndivomereze kanthu. Ine ndinangoti chabwino.

M'katimo muli zambiri, zidole zobayidwa ndi mapini, mabotolo otsirikira nyumba, zithumwa zamitundumitundu. Zimenezi sizinandidabwitse kwenikweni, wokulira ku Dedza saona chachilendo pa chithumwa. Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa mipeni ndi ndodo. Kuiona mipeniyo, ina ndi yoti ungasendere mbatata. Ndinafunsa kuti kodi chasiyanitsa mpeni uwu ndi wa kukhitchini kwanga n'chiyani. Mayiwa anati, "Palibe, mpaka utaupatula." Mawu amene ndawamasulira kuti kupatula ndi omwe aja timamva kutchalitchi akamadalitsa guwa latsopano kapena chikho cha Misa.

Apa m'pamene anamasuka pakamwa, ndipo zambiri ndazitsimikiza madzulo ano m'buku lawo lomwe anandibwereka. Ndi buku lakale lotchedwa Key of Solomon, limene amalinamizira Mfumu Solomo ngakhale linalembedwa ku Ulaya zaka mazana ambiri iye atamwalira. Amene analiika m'Chingelezi mu 1889 ndi MacGregor Mathers, mmodzi mwa anthu atatu amene anayambitsa gulu la matsenga la Golden Dawn ku London mu 1888. Malamulo ake ndi otopetsa kuposa a kusukulu yogonera komweko. Ndodo ikhale ya mtengo wa hazel, mphukira ya chaka chimodzi, uidule kamodzi kokha, Lachitatu, dzuwa likutuluka, chifukwa Lachitatu ndi tsiku la pulaneti la Mercury. Mpeni wa chogwirira choyera ndi wa ntchito zina zonse, koma wa chogwirira chakuda ndi wolembera bwalo limene munthu amaimamo poitana mizimu, ndipo upangidwe tsiku la pulaneti la Saturn, lomwe ndi Loweruka. Akuti uuviike m'magazi a mphaka wakuda ndi m'madzi a chomera chakupha chotchedwa hemlock. Nditawerenga pamenepo ndinangoti, ichi ndiye chizimba basi. Mwini ntchitoyo ayeneranso kudziletsa masiku 9, osayandikira mkazi, osalankhula zopanda pake. Agogo akanati kudika.

Chimene chinandivuta mumtima si mphakayo ayi. Ndi masalimo. Bukuli ladzaza ndi masalimo ndi mayina a Mulungu a Chiheberi. Madzi owazira zida amawathira mchere n'kuwapempherera, chowazira chake muli hisope, ndipo mawu a Salimo 51 opempha kuyeretsedwa ndi hisope ali momwemo. Salimo lomwelo ndinaliimba m'kwaya zaka zingapo pa nyengo ya Lenti. Ndinakumbukanso kuti Mose anauzidwa kudzoza mafuta ziwiya zonse za m'chihema zisanayambe kugwira ntchito. Sindikunena kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi, abale a m'Mphakati musandiimbire foni. Koma amene analemba bukuli ankadziwa bwino kumene ankakatapa.

A Golden Dawn anawonjezera zawo. Munthu akafika pa mlingo wina ankayenera kudzipangira yekha zida zinayi: ndodo ya moto, chikho cha madzi, mpeni wa mpweya ndi kambale kozungulira ka nthaka, n'kuzipenta, kulembapo mayina a angelo, kuzipatula yekha, kenako kuzikulunga m'nsalu. Mlakatuli wa ku Ireland W. B. Yeats, amene analowa gululi mu 1890, naye anakhala pansi n'kupanga zake. Munthu woti anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1923, ali kalikiliki kupenta kambale.

Tinadya nsomba ndi tchipisi padoko, mbalame zam'nyanja zikutilondalonda ngati akhwangwala pamsika, kenako tinabwerera. Ndimaganiza kuti ulendo watha. Tili m'njira m'pamene anandiuza kuti anasankha Loweruka dala, ali ndi mpeni watsopano wa chogwirira chakuda woti aupatule, ndipo ngati sindikuopa ndikhoza kukhala pampando n'kumaonerera. Ndinaopa. Koma chidwi chinandikoka, ndipo ndinadziuza kuti ndikhala pafupi ndi chitseko.

Zinachitikira pabalaza, patebulo laling'ono loyalidwa nsalu. Panali mbale ya madzi, ya mchere, kandulo ndi lubani. Mphaka wawo, amene mwatsoka ndi wakuda ndithu, anali gone pa sofa. Ndinamuloza, iwo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere za magazi zija anazisiya kalekale, iwo ngakhale nyama sadya. Anasamba m'manja, anathira mchere m'madzi, n'kuwaza mpeniwo mbali zonse ziwiri. Anaudutsitsa mu utsi wa lubani, kenako pamwamba pa lawi la kandulo, n'kuugoneka pa kambale kolembedwa nyenyezi ya nsonga zisanu. Atatero anaunyamula ndi manja awiri n'kuulozetsa kum'mawa, kummwera, kumadzulo ndi kumpoto, akulankhula motsitsa. Zimene ndinamva zinali zopempha kuti chilichonse chimene mpeniwo unatenga m'manja mwa ousula, ogulitsa ndi onyamula chichoke, utsale wa ntchito imodzi yokha. Pomaliza anaugunditsa pachifuwa kanthawi, kuti uwazolowere. Zonse sizinapitirire mphindi 20. Magetsi sanaphethire, mphaka sanadzuke.

Kunena zoona, ine sindikhulupirira kuti chitsulo chija chinasintha. Chimene ndinaona chikusintha ndi mayiwa. Munthu amene kuntchito amaponya makiyi paliponse, mpeni uja anaugwira ngati khanda la tsiku limodzi. Ndinakumbuka sing'anga wina wa kumudzi kwathu amene nsupa zake ndi litchowa sankalola munthu kuzikhudza, ngakhale mkazi wake posesa ankazilambalala. Tili ana tinkati akuopa kuti tiba mphamvu. Mwina ankangoteteza malire amene anaika yekha pakati pa chikho chomwera madzi ndi chikho cha ntchito.

Ndiye ndinalakwitsa. Atabweretsa keke ndi tiyi (tsopano ndimamwa), anapita kukatenga mbale, ine poona mpeni uli pomwepo ndinautola kuti ndidule. Zala zinangofika pachogwirira, kukuwa kwake! Mpeni wakuda sudula chinthu chooneka ndi maso, ngakhale ulusi, ndipo wina saugwira popanda chilolezo. Ndinapepesa kambirimbiri. Iwo anati palibe mlandu, koma ndinaona akuthiranso mchere m'madzi. Ndinadya keke yanga mwamanyazi mwambo ukuyambiranso pa chiyambi, ulendo uno wochotsa ine.

Nditafika kunyumba ndinaimbira amayi pa WhatsApp. Ndinangowauza kuti ndinapita kunyanja ndi mnzanga.

"Nanga kolona ija ndinakupatsa pa eyapoti ukuyenda nayo?"

"Ili m'chikwama, amayi."

"Usaisiyesiye paliponse iwe, inadalitsidwa imene ija. Si mkanda wamba."

"Ndamva, amayi."

Buku la eni ake ndaliika pawindo, kutali ndi bedi, ndikabweza Lolemba. Zochapa zija zidakali m'basiketi, ndipo mawa ndikulowa 7 koloko m'mawa.