Damu la nsomba likafiira ndi matope: yambani ndi botolo, osati thumba la mankhwala

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala kapena Disembala, madamu ambiri a nsomba ku Mitundu, Mpingu ndi Malingunde amafiira. Dothi la katondo la chigwa cha Lilongwe ndi labwino pomanga damu chifukwa limasunga madzi, koma dongo lake likasungunuka limatha kuyandama miyezi osakhazikika pansi. Kuwala kwa dzuwa sikulowa, ndere zing'onozing'ono zimene makumba ndi chambo amadya sizimera, ndipo manyowa amene mukuthira amangopita pachabe. Nsomba sizifa msanga ayi. Zimangopinimbira, mwini wake n'kumaimba mlandu mbewu kapena madeya.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Madzi a damu la nsomba safunika kuyera ngati a pampopi, afunika kubiriwira. Viikani mkono mpaka m'chigongono, pafupifupi masentimita 30. Chikhatho chikamazimiririka cha pomwepo ndipo madzi ndi obiriwira, zili bwino, musakhudze kanthu. Chikasowa mkono utangolowa pang'ono, madzi ali ofiira kapena otuwa, amenewo ndi matope.

Musanagule chilichonse, tungani madziwo m'botolo loonekera mkati, mulitseke, muliike pamthunzi posagwedezeka masiku awiri kapena atatu. Botololi ndilo lingakuuzeni chochita.

Matope akakhala pansi madzi n'kuyera pamwamba, ndiye kuti m'damumo muli chimene chikuvundula tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri ndi mlamba, umene umafukula pansi posaka chakudya. Ambiri amadabwa kuti sanauikemo, koma umalowa wokha kudzera mu ngalande kapena pa udzu wonyowa nthawi ya dzinja, makamaka damu likakhala m'dambo. Ng'ombe ndi mbuzi zomwera m'mphepete, abakha ochuluka, ndi kukoka khoka pafupipafupi zimachitanso chimodzimodzi. Apa mankhwala ndi kutaya ndalama, chifukwa madzi ayera lero, mawa avundukanso. Chotsani mlamba ndi mbedza zogoneka usiku kapena pokhuthula damu, ikani sefa wa waya polowera madzi, ndipo ziweto muzikumbire pomwera pake kunsi kwa damu.

Yang'ananinso kumene madzi akuchokera, chifukwa madamu ambiri amadwalira pamenepa. Madzi othamanga ochokera m'munda wa chimanga kapena mumsewu asalowe m'damu. Kumbani ngalande kumtunda yowapatutsa kuti adutse m'mbali. Ngati mumapatutsa madzi a mumtsinje, tsekani polowera mvula ikagwa, mutsegule mtsinje ukadikha. Kadzenje kakuya mita imodzi pa ngalande yolowetsa madzi, kutsogolo kwa damu, kamachepetsa liwiro ndipo mchenga ndi matope olemera zimatsalira momwemo, muzikafukula kakadzaza. Makoma a damu asakhale pambalambanda. Bzalani kapinga pamwamba ndi m'mbali, vetiva mizere kumtunda. Khoma loima chilili limagumuka ndi mafunde, choncho mkati mwake mukhale motsetsereka, mamita awiri m'litali pa mita iliyonse ya kuya.

Nanga botolo likakhalabe lofiira patatha masiku atatu? Ili ndi dongo losalala kwambiri. Tizidutswa take tili ndi mphamvu ya magetsi yamtundu umodzi, motero timakankhana m'malo mogwirana, ndipo kalikonse pakokha n'kopepuka moti sikamira. Chofunika ndi chinthu chotigwirizanitsa kuti tilemere.

Kuti milingo ya mankhwala imveke, tiyerekeze damu la mamita 10 ndi 20, lakuya pafupifupi mita imodzi. Muli madzi okwana makyubiki mita 200 (kyubiki mita imodzi ndi malita 1,000).

Poyambira pabwino ndi laimu waulimi, wa miyala yopera uja, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita, kutanthauza makilogalamu 20 mpaka 40. Sapsereza nsomba, amachepetsa asidi m'madzi, ndipo amathandiza manyowa kugwira ntchito. Kuipa kwake n'kwakuti amachedwa, mudzadikira masabata angapo, ndipo padongo louma mutu sakwanitsa yekha. Musamuthire tsiku limodzi ndi feteleza wa NPK chifukwa amamanga phosphorus, chakudya cha m'fetelezamo chimene ndere zimafuna. Siyanitsani sabata ziwiri.

Gypsum, ufa woyera wochokera ku mwala wofewa, amachita msanga ndipo sasintha asidi wa madzi. Mlingo wake umasiyana damu ndi damu, choncho yesani kaye. Dzazani ndowa zisanu za malita 20 ndi madzi a m'damumo. Imodzi musaikemo kanthu, zinazo muikemo magalamu 2, 4, 6 ndi 8, mutakase bwino, zigone usiku umodzi. Sankhani ndowa ya mlingo wochepetsetsa imene yayera. Magalamu 2 mu ndowa ndi magalamu 100 pa kyubiki mita, ndiye ngati yayera ndi ya magalamu 6, damu lathu lifuna makilogalamu 60. Sungunulani ufawo pang'onopang'ono mu ndowa n'kumawaza damu lonse. Mukakhuthulira thumba pakona imodzi amangoundana pansi.

Aluminium sulphate, amene ambiri amangoti alum, ndiye wamphamvu kuposa onse: magalamu 15 mpaka 25 pa kyubiki mita, makilogalamu 3 mpaka 5 padamu lathu, ndipo madzi amasintha m'maola ochepa. Koma amabweretsa asidi, ndipo m'madzi opanda laimu wokwanira nsomba zimatha kufa tsiku lomwelo. Amafunika kutsagana ndi laimu wopaka m'makoma a nyumba uja, theka la kulemera kwa alumyo, wosungunulidwa payekha. Ine sindingalangize munthu wopanda choyezera asidi wa m'madzi (pH) kuti amugwiritse ntchito muli nsomba. Funsani kaye mlangizi wa za nsomba ku ofesi ya boma, kapena a za ulimi wa nsomba ku sukulu ya ukachenjede ya Bunda. Thirani m'mawa kopanda mphepo, chifukwa mafunde amamwaza timibulu ta dongo tisanamire.

Wopanda ndalama ali ndi udzu wouma. Mangani makilogalamu 10 m'mitolo ing'onoing'ono, muikhomere ndi zikhomo m'madzi osaya m'mphepete. Udzu ukamawola umatulutsa asidi wochepa, ndipo dongo limamatirira ku tizilombo towoletsa n'kumira. Pakatha sabata ziwiri vuulani mitoloyo, muike ina ngati pakufunika. Chowola chilichonse chimadya mpweya wa nsomba, makamaka m'kutentha kwa Okutobala. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba mbandakucha, vuulani udzu, lekani kudyetsa tsiku limenelo, lowetsani madzi atsopano.

Madzi akayera musachedwe, chifukwa kuwala kukafika pansi kumameretsa udzu ndi ndere zazitali, komanso mbalame zimaziona bwino nsomba. Ikani manyowa a nkhuku ouma makilogalamu 10 pa sabata m'kakhola ka pakona pafupi ndi polowera madzi, muzitakasa masiku angapo alionse. Chikhatho chikayamba kusowa mkono usanafike m'chigongono, dumphani sabata imodzi osathira. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye kubiriwira kumachedwa, choncho musawonjezere mlingo poganiza kuti manyowa achepa.