Zikomo nonse amene munandipumitsa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndi nonse amene mwakhala mukufunsa za bambo a kunyumba kuno: ali bwino. Akuyenda ndi ndodo, akudya okha, ndipo Lamulungu lapitali anakhala nawo m'mapemphero kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso wotsekera. Ambiri a inu munawaona chaka chatha ali chigonere, mbali ya kumanja itafa ndi sitiroko, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Ndati ndilembe pano kuti uthenga ufike kwa onse nthawi imodzi, chifukwa ndikati ndiyendere aliyense pakhomo pake, chaka chino chingathe ndisanafike ndi theka lomwe.

Munawapempherera, munabwera kudzawazonda, munathandiza pa mankhwala ndi pa mayendedwe. Pa zonsezi ndikuthokoza ndi mtima wonse. Koma chimene chandilembetsa lero n'china, chimene sichitchulidwa kawirikawiri anthu akamathokoza. Munandipumitsa ine wodwazika.

Amene sanadwazikepo munthu wakufa ziwalo mwina sadziwa kuti ntchito yaikulu ili usiku. Anamwino anandilangiza kuti ndiziwatembenuza maola awiri aliwonse kuopa zilonda za kumsana ndi m'chiuno. Ndinkatchera foni kuti izindidzutsa. Ikalira, ndinkalowetsa dzanja limodzi kunsi kwa phewa, lina m'chiuno, n'kuwakankha pang'onopang'ono kuti agonere mbali ina. Kenako kuika pilo pakati pa mawondo, kuyatsa tochi n'kuyang'ana zidendene ngati khungu layamba kusintha. Ndikangoti tulo tabwera, yaliranso. Kukacha kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kuwadyetsa ndi supuni mosapupuluma kuti angatsamwe, kupita nawo ku mafizo, ndiye n'kuthamangira kuntchito. Ndinkachita zimenezi ndi chikondi, ndipo ndikanachitanso. Koma thupi lili ndi malire ake. Mutu unasiya kupola, BP inakwera, ndinayamba kuiwala ngati ndawapatsa kale mankhwala kapena ayi. Ndikatsegula Baibulo ndinkangoona zilembo. Pemphero linkathera pa mawu oyamba, oti Atate.

Anthu ankandiuza kuti ndine mayi wolimba. Ndikudziwa kuti ankanena ndi mtima wabwino, koma mawu amenewo sachotsa kanthu pamutu pa munthu. Amangomuuza kuti apitirize kusenza.

Amene anayamba kuona zenizeni ndi alamu anga, achemwali a amuna anga. Anabwera Loweruka masana kudzazonda mchimwene wawo, koma atandiyang'ana m'maso anangotambasula dzanja. "Mlamu, foni iyo lero igona ndi ine. Inu kagoneni." Ndinayesa kufotokoza za maola awiri aja, za pilo, za mankhwala a usiku. Anandimvetsera, analemba papepala, anandiuza kuti ndiwasonyeze katembenuzidwe kake, kenako anandikankhira m'chipinda cha ana n'kutseka chitseko. Ndinagona dzuwa lili pamutu, ndinadzuka kutacha. Alamu, sindidziwa kuti ndingakubwezereni chiyani.

Atachoka pano anakalankhula ndi gulu lathu la mapemphero a pakati pa sabata, ndipo sipanapite nthawi pakhoma la pabalaza panamatidwa pepala la mayina: uyu Lolemba usiku, uyu Lachitatu m'mawa, awa Loweruka lonse. Abambo awiri ankabwera kudzawanyamula kupita nawo kubafa. Mnyamata wina wa m'kwaya, amene sitinkadziwana naye kwenikweni, ankabwera kudzawameta ndevu ndi kuwawerengera Masalimo. Amayi ena ankatenga zochapa n'kuzibweza zosita. Mutu umodzi susenza denga, ndinkaudziwa mwambiwu kuyambira ndili mwana, koma ndinauona ndi maso papepala lija.

Abusa atabwera, ndinkaganiza kuti andikumbutsa za kupemphera kosaleka. Anatsegula 1 Mafumu 19. Eliya anali atangoima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450, moto utatsika kumwamba, mvula itagwa patapita zaka zitatu ndi theka za chilala. Munthu wotereyu ndi amene anathawa Yezebeli, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nayenda tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Abusa anandifunsa kuti, "Amayi, Mulungu anayamba ndi chiyani pamenepa?" Sanayambe ndi ulaliki. Anamusiya agone. Mngelo anamukhudza, namupatsa mkate ndi madzi, ndipo Eliya anagonanso. Anamudzutsa kachiwiri kuti adyenso, chifukwa ulendo unali wautali. Mafunso anadza pambuyo pake, ku Horebu, patapita masiku 40. Ndipo ngakhale kumeneko, Eliya atadandaula kuti watsala yekha, anauzidwa kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, natumidwa kukadzoza Elisa. Mulungu anamupatsa tulo, chakudya ndi mnzake wa pa ntchito. Abusa, tsiku limenelo munandichotsera mantha oti kutopa kwanga ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Zikomo, pamodzi ndi amayi abusa amene anakhala ndi wodwala pamene inu munkalankhula nane.

Mphamvu zitayamba kubwerera, ndinayamba kuwerenga malo amene amanena za mpumulo, ndipo vesi imene yandigwira kwambiri ndi Eksodo 34:21. Imalamula kugwira ntchito masiku 6 ndi kupuma la 7, kenako imawonjezera kuti mupume ngakhale m'nyengo yolima ndi m'nyengo yokolola. Aliyense amene anagwirapo khasu akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. M'dziko la Israeli mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Epulo, miyezi inayo ndi dzuwa lokhalokha. Mvula yoyamba ikafewetsa nthaka, masiku olima ndi owerengeka. Tirigu akacha, sadikira munthu. Ndiye Mulungu anatchula dala nyengo ziwiri zimene munthu aliyense ali ndi chifukwa chomveka chosapumira. Mfumu Constantine ya ku Roma italamula mu 321 kuti oweruza, anthu a m'mizinda ndi amisiri azipuma tsiku loyamba la sabata, alimi inawalola kuti azipitiriza ntchito, poopa kuti nyengo yabwino yodzala ingawapitirire. Mfumuyo inaganiza monga timaganizira tonsefe, kuti mpumulo ndi wa nthawi imene ntchito yachepa. Lamulo la Mose linakana zimenezo. Kudwazika ndi nyengo yolima imene ilibe tsiku lomaliza lodziwika, ndipo ndikanadikira kuti ntchito ichepe, bwenzi lero mukuzonda anthu awiri.

Komatu munthu angapume bwanji pamene wodwala ayenera kutembenuzidwa? Yankho ndinalipeza pa Deuteronomo 5. Lamulo la Sabata lalembedwa kawiri. Pa Eksodo 20 chifukwa chake ndi chakuti Mulungu anapuma atalenga zonse. Pa Deuteronomo chifukwa chake ndi chakuti Aisraeli anali akapolo ku Iguputo, kumene kunalibe wowapumitsa. Ndipo lamulolo silinena za iwe wekha. Limatchula mwana wako wamwamuna ndi wamkazi, wantchito wako wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu, ngakhale mlendo wokhala m'mudzi mwako, kuti wantchitoyo apume monga iwe. Wantchito sangadzipatse yekha Sabata, pafunika wina amumasule. Nthaka nayonso siingadzipumitse yokha, n'chifukwa chake pa Levitiko 25 mwini munda ndi amene akuuzidwa kuti chaka cha 7 asalime. Ine ndikuona kuti apa ndi pamene timalephera kwambiri m'mipingo. Timalalikira mpumulo kwa anthu amene alibe pousiya katundu wawo. Mayi wa ana aang'ono wopanda womuthandiza, mwana amene akusamala kholo lokalamba, wantchito wa pakhomo amene amagwira Lamulungu kuti ife tipite kutchalitchi titavala zosita. Kuwauza kuti pumulani n'kosavuta. Inu munachita chovutacho: munabwera n'kugwira ntchito yanga kuti ine ndigone. Paulo pa Agalatiya 6:2 amati kunyamulirana zothodwetsa ndiko kukwaniritsa lamulo la Khristu, ndipo ndikuchitira umboni kuti munalikwaniritsa m'nyumba muno.

Matendawa anatipeza m'chilimwe. Mvula inagwa, anthu anadzala, anapalira, anakolola, kunazizira, kunatenthanso, ine ndikuzionera pawindo la chipinda cha wodwala. Poyamba zinkandiwawa kuti dziko likupitirira ngati palibe chachitika. Pambuyo pake zinayamba kunditonthoza, chifukwa zinkandisonyeza kuti pali Wina amene akuyendetsa zinthu ine ndili m'tulo. Chigumula chitatha, Mulungu analonjeza pa Genesis 8:22 kuti nthawi yodzala ndi yokolola, kuzizira ndi kutentha, usana ndi usiku sizidzaleka. Taonani kuti kuzizira ndi usiku zili m'kati mwa lonjezo lomwelo. Timakonda kuuzana kuti nyengo yako yokolola yafika, ndipo sindikunyoza mawu olimbikitsawo. Koma munthu amene ali m'nyengo youma akamangomva za kukolola, amayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani. Mlaliki 3 amatchula nthawi 28, ziwiriziwiri, ndipo m'menemo muli nthawi yolira, nthawi yotaya, nthawi yokhala chete. Sanenapo kuti zimenezi ndi nthawi zimene Mulungu wachokapo. Ndikuthokoza mwapadera amene munabwera n'kungokhala nafe osafuna kufotokoza chifukwa chimene tikuvutikira.

Kuchira kwake sikunabwere ndi phokoso. A mafizo anatipatsa kampira kofewa kuti bambo azikafinya ndi dzanja lakufalo. Kwa nthawi yaitali kampirako kankangogubuduzika pabulangeti. Tsiku lina ndikuwaveka malaya ndinamva chala chawo chachikulu chikukanda batani, chikuyesa kulilowetsa pabowo. Sanathe, koma chalacho chinayenda. Tinayang'anana, tonse misozi ili mbwembwembwe. Sindingakuuzeni usiku umene mphamvuyo inabwerera, mwina unali umodzi mwa mausiku amene ine ndinagona m'chipinda cha ana, wina wa inu ali maso. Pa Marko 4 Yesu amanena za munthu wofesa mbewu amene amagona ndi kudzuka usiku ndi usana, mbewu n'kumera ndi kukula iye osadziwa kuti zikutheka bwanji. Fanizo limeneli ndalimvetsa tsopano. Ntchito yathu inalipo, ndipo inali yofunika, koma wochiritsa sanali ine. Inenso ndinabwerera chimodzimodzi, pang'onopang'ono: kuyamba kumva njala, kuseka ndi ana, kutha kuwerenga Salimo lonse mpaka kumapeto.

Kwa madokotala, anamwino ndi a mafizo amene munatiphunzitsa mosatopa, ngakhale pamene ndinkafunsa chinthu chimodzi kangapo, Mulungu akuwonjezereni nzeru ndi mphamvu, ndipo nanunso akupatseni okupumitsani. Kwa akuluakulu a kuntchito kwanga amene munandipatsa tchuthi ndi kundichepetsera maola, ndi anzanga amene munagawana ntchito yanga popanda kung'ung'udza, zikomo kwambiri. Kwa apongozi anga, amene ngakhale ndi ukalamba wawo ankadzuka m'bandakucha kutipempherera, ndilibe mawu okwanira. Ana anga, munakula msanga chaka chimenechi. Munaphunzira kuyenda mwakachetechete m'nyumba, kuwerenga mapiritsi, kudikira chakudya mochedwa. Mayi wanu ndakuonani, ndipo ndimakunyadirani. Ndipo kwa inu bambo, amene munapirira kudalira ena pa chilichonse, inu amene munazolowera kuthandiza anthu: kufatsa kwanu pa bedi lija kunandiphunzitsa kulandira thandizo popanda manyazi.

Ulendo sunathe. Mawu akutulukabe movutikira, makamaka akatopa, ndipo dzanja la kumanja silinayambe kugwira cholembera. Mafizo tikupitabe. Chonde pitirizani kuwapempherera pa zinthu ziwirizi. Amene mukufuna kudzacheza, bwerani madzulo, chifukwa masana amagona, ndipo mukabwera muwapatse mpata amalize okha chimene akufuna kunena.

Pepala lija tinalichotsa pakhoma pathu, koma gulu lathu lalemba lina. Pali banja lina pakati pathu limene layamba kudwazika mayi wawo okalamba, ndipo amene akuwasamala ndi mwana wawo mmodzi yekha. Ine ndalembetsa Lachisanu usiku. Malo a Lachiwiri ndi Loweruka akadali opanda munthu, ndipo amene simudziwa katembenuzidwe ka wodwala musaope, ndidzakusonyezani. Lankhulani ndi atsogoleri a gulu tikatha mapemphero Lamulungu likudzali.

Ambuye akudalitseni nonse, inu ndi mabanja anu.