Lachiwiri, tsiku la anthu amene sakudwala

Lero ndinafika kuntchito anzanga asanabwere, ndipo monga mwa masiku onse ndinayambira pa furiji ya katemera. Inali pa madigiri 4. Ndinalemba papepala la pachitseko chake n'kusaina. Anthu amadziwa kuti katemera amaopa kutentha, koma sadziwa kuti wina amaopanso kuzizira kwambiri. Malo ake ndi pakati pa madigiri 2 ndi 8 basi. Katemera wa kafumbata kapena wa hepatitis B akangoundana, mphamvu yake yathera pomwepo, ngakhale botolo lizioneka labwinobwino. Kutentha kuli bwinoko chifukwa kumadziulula: pa kabotolo pamakhala kachizindikiro koyera kamene kamanka kakuda botolo likatenthedwa. Kuzizira sikusiya umboni wotero. Tikakayikira timachita kulikhutchumula botololo n'kumaona mmene zam'kati zikudikhira.

Woyamba kundigwira mtima anali mayi wina amene anabwera ndi mwana wa zaka ziwiri ndi miyezi, wachimfine. Chimfinecho sichinali nkhani. Nditafunsa kuti, "Mayi, kadi ya mwana muli nayo?" anayamba kufufuza m'chikwama mwa njira ija ya munthu amene akudziwa bwino pamene chinthu chili koma sakufuna chipezeke. Itatuluka, ndinaona kuti jakisoni wachiwiri wa chikuku sanabayidwe.

"Anesi, ndinadwala nthawi imeneyo, kenako ndinkaopa kuti mundikalipira. Akuti mukadumphitsa mumayambiranso pachiyambi."

Bodza limeneli latitayitsa ana ambiri. Katemera sayambiranso. Thupi siliiwala jakisoni amene linalandira kale, ndipo mwana akachedwa timangopitiriza pamene analekezera. Chimfine wamba sichiletsanso kubaya. Ndinauza mayiwo zimenezi n'kupita kukatenga botolo.

Apa m'pamene tinasemphana pang'ono ndi mnzanga. Botolo la katemera wa chikuku ndi la ana 10, ndipo likasungunulidwa limakhala maola 6 okha, otsala timataya. Iye ankati mayiwo abwere tsiku la sikelo kuti tisawononge mankhwala chifukwa cha mwana mmodzi. Ndikumumvetsa, chifukwa ndi iyeyo amene amawerengera mabotolo pakutha pa mwezi. Koma mayi amene wabisa kadi kwa miyezi yonseyi, mukamubweza lero mukuganiza kuti abweradi? Chikuku sichidikira tsiku la sikelo. Kachilombo kake kamatha kutsala m'mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atachoka, ndipo kuti kaleke kuyenda pakati pa anthu pamafunika kuti 95 mwa anthu 100 aliwonse akhale atabayidwa kawiri. Ndinatsegula botolo. Pofika masana tinali titapeza ana ena atatu pamzere amene makadi awo anali ndi mpata womwewo, ndipo mnzanga uja ndi amene anawasaka yekha. Sitinayankhulanenso za nkhaniyo.

Cha m'ma 10 koloko ndinaona bambo wina atakhala pabenchi, chikwama cha mkazi wawo chili pamwendo. Anangoperekeza. Amuna ambiri timawaona choncho, ataperekeza, kapena atanyamulidwa.

"Bambo, poti mukudikira, bwerani tikuyezeniko BP."

Anaseka. "Ine? Sindikudwala, anesi. Ngakhale mutu sundipweteka."

Analowa mongondilemekeza. Makina anaonetsa 168/102. Sindinanene kanthu, chifukwa munthu akangolowa kumene m'chipinda chathu mtima umakhala uli m'mwamba. Ndinawakhazika mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Ndinafunsanso ngati asuta kapena kumwa khofi posachedwa, ndiponso ngati mkodzo wawagwira, chifukwa zonsezi zimakweza manambala. Kachiwiri anatuluka 160/98.

Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu timamutcha wa BP ngati manambala afika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana. Choncho lero sindinawapatse dzina la matenda, ndinangowapatsa tsiku lobwereranso. Koma ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa funso limene likubwera, chifukwa limabwera nthawi zonse.

"Nanga bwanji sindikumva kalikonse?"

Funso limeneli ndi limene ntchito yanga yonse yagonapo, ndipo mpaka pano sindinapeze yankho lake lokoma. Kuthamanga kwa magazi kumadya mwakachetechete. Kumalimbitsa mitsempha, kumatopetsa mtima, kumawononga impso ndi maso kwa zaka zambiri munthu akugwira ntchito zake bwinobwino. Pafupifupi theka la akuluakulu amene ali nako padziko lonse sadziwa n'komwe. Tsiku limene munthu amakumva nthawi zambiri limakhala tsiku limene mbali imodzi ya thupi yafa. Ndinafunsa za makolo awo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Bambo anga anangogwa. Anali ndi zaka 58." Iwo ali ndi 51. Sindinawonjezere mawu pamenepo, ndinangolemba kuti Lachinayi abwere asanadye kanthu, tiyezenso BP pamodzi ndi shuga. Shuga wa munthu wosadya akafika 7.0 mmol/L kapena kuposa timayamba kumutsatira, ndipo matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi.

Mkazi wawo atamaliza zimene anadzera, ndinawagwiranso. Zaka 43, ana anayi, sanayezetsepo khomo la chiberekero.

"Ndimamva kuti zimapweteka. Komanso ngati angandipeze nayo, kuli bwino ndisadziwe."

Ndinawafotokozera kuti sitikusaka khansa, tikusaka zimene zimabwera khansa isanafike. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kakakhazikika, zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti pakhale khansa kwa mayi wa chitetezo chabwino, ndipo zaka zonsezo ndi mpata wathu. Tikaona kachigawo kamene kayamba kusintha, timakachiza mwachidule. Kuyambira mu 2021 WHO imalangiza kuti amayi ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 30, pogwiritsa ntchito njira yoyeza kachilombo ka HPV, n'kumabwereza pakapita zaka 5 mpaka 10. Amene ali ndi HIV amayamba ali ndi zaka 25 ndipo amabwereza pakapita zaka 3 mpaka 5, chifukwa chiopsezo chawo n'chokwera kasanu ndi kamodzi. Kumene njira imeneyo sinafike, timaunika ndi viniga zaka zitatu zilizonse. Anavomera, ndipo khomo linali loyera. Potuluka anatembenuka n'kufunsa za mwana wawo wamkazi wa zaka 11, kuti kodi katemera uja wa atsikana si wotseka mimba? Ndinati ayi, ndipo ndinawauza kuti amabayidwa pakati pa zaka 9 ndi 14 chifukwa amagwira bwino mwana asanakumane ndi kachilomboko. Mitundu iwiri yokha ya HPV, 16 ndi 18, ndi imene imayambitsa pafupifupi khansa 70 mwa 100 za khomo la chiberekero, ndipo katemerayu amaitchinga yonse iwiri. Anati akakambirana ndi bambo. Bambowo anali pakhomo pomwepo, akuyang'ana kapepala kawo ka Lachinayi.

Masana kunabwera mnyamata wa zaka 24, wathanzi lake, foni m'manja. Anawerenga pa Facebook kuti munthu aziyezetsa thupi lonse chaka chilichonse, ndipo ankafuna zonse: magazi onse, chithunzi cha m'chifuwa, cha m'mimba, cha m'mutu. Zinandiseketsa m'mtima kuti m'mawa ndinkanyengerera osafuna kuyezedwa, masana ndikubweza wofuna kuyezedwa mopitirira. Koma kuyeza munthu wosadwala kuli ndi malamulo ake, ndipo si atsopano. Mu 1968 madokotala awiri, Wilson ndi Jungner, analembera WHO mfundo zimene tikuyenderabe: matendawo akhale vuto lenileni, akhale ndi nyengo imene angapezeke asanaonekere, njira yoyezera ikhale yodalirika, ndipo chithandizo chikhalepo kwa amene wapezeka nawo. Mukajambula thupi lonse la mnyamata wathanzi, mumapeza timadontho topanda tanthauzo, kenako mantha, kenako kuyezanso, nthawi zina mpaka kuchekedwa pachabe. Ndinamuyeza BP, ndinamutumiza kukayezetsa HIV, ndinamufunsa za fodya ndi mowa, komanso kuti jakisoni wa kafumbata anabayidwa liti komaliza. Sanakumbukire. Anatuluka atabayidwa, wokhumudwa pang'ono, ngati munthu amene anayembekeza zambiri n'kupatsidwa zochepa.

Anthu atatha ndinatsegula kaundula. Iyi ndi ntchito imene palibe amaiona, ndipo kwa ine ndi yolemera kuposa jakisoni aliyense. Mfundo ija yakuti chithandizo chikhalepo imaoneka yophweka papepala, koma chithandizo chimakhalapo kokha ngati munthuyo wabwerera. Mwezi wathawu ndinalemba mayina asanu ndi awiri a anthu oyenera kudzayezedwanso. Anayi anabwera. Mwa atatu otsalawo, mmodzi ndi mayi amene tinamupeza ndi kachigawo kokayikitsa pakhomo la chiberekero n'kumutumiza kuchipatala chachikulu. Ndinaimba foni yake kawiri, sikupezeka. Wachiwiri anayankha n'kunena kuti mankhwala a BP anasiya chifukwa akupeza bwino tsopano. Ndinakhala naye pafoni mphindi khumi kumufotokozera kuti akupeza bwino chifukwa cha mankhwala omwewo. Anati amva. Wachitatu nambala yake ndinailemba molakwika ine ndemwe, yasowa chiwerengero chimodzi.

Pansi pa mayina amenewo ndawonjezera la bambo a pabenchi aja, ndipo nambala yawo ndinawawerengera mokweza kawiri asanachoke. Ya mkazi wawo ndatenganso. Mawa m'mawa, ndikangolemba za furiji, ndiyesanso foni ya mayi uja amene tinamutumiza kuchipatala chachikulu.